Mabowo Asanu ndi Limodzi

Ndinaligula ku Limbe, kuseri kwa depoti,
kwa mnyamata wa katundu wochokera ku Joni.
Bokosi lakuda, lolemera ngati njerwa zinayi,
kumbuyo kwake mabowo asanu ndi limodzi:
masipika akutsogolo, lapakati, akumbuyo,
ndi lija logunda pansi mpaka makapu kunjenjemera.

Masiku amenewo pabalaza pankadzaza.
Filimu ikayamba, helikopita inkadutsa pamutu pathu,
Elube n'kubisala kuseri kwa sofa.

Ana anabalalika.
Awiri akumbuyo anapita ndi Fanuelo ku Mzuzu,
lapakati linapsa tsiku lomwe magetsi anabwera mwaukali,
logunda pansi lija ndinagulitsa, fizi itavuta.
Rimoti inasowa kalekale.

A Chikaonda, okonza mawailesi ku Zingwangwa,
anati, "Musataye, achimwene, mtima wake ngwamoyo.
Zimitsani za mafilimuzi, musiye njira ziwiri,
kumanzere ndi kumanja.
Mphamvu ichokere ku ampu ina,
ili lizingosankha nyimbo ndi kukweza mawu."

Ndinalumikiza mawaya awiri, wofiira ndi woyera.
Mabowo anayi otsalawo akudya fumbi la ku Soche.

Usiku, magetsi akatikomera mtima,
ine ndi amake Elube timakhala moyang'ana khoma.
Gitala kumanzere, ng'oma kumanja,
woimba n'kuima pakatikati
pomwe palibe sipika.
Iwo amalozapo ndi chibwano, osanena kanthu.
Ine ndimatsitsa pang'ono,
kuopa kudzutsa aneba.