Buku la Chikuto Chakuda

Tidalipeza titabwerako kumanda,
m'sutikesi pansi pa bedi,
pakati pa malaya oyera atatu ndi botolo la mbewu za nandolo.
Njenjete zidadya ngodya imodzi.
Zina zonse zilimo, m'zilembo za bambo
zopendekera ngati mapesi mphepo itadutsa.

Tsamba loyamba si la odwala.
Ndi la Nampuluma, agogo awo,
amene adachoka kuseri kwa phiri la Namuli
ndi khasu lopanda mpini ndi mwana paphewa,
nakalima thangata ku Thondwe
mpaka msana udakana kuwongoka.
Mwana wapaphewayo ndi Likaka,
wonyamula machira kunkhondo ya azungu.
Adabwerako khutu limodzi litagontha,
koma manja atadziwa kumanga bala.
Madzulo ankang'amba nsalu zakale
kuphunzitsa mwana wake pa mwendo wa mbuzi.

Mwana ameneyo ndiye Gervazio Mulinde,
amene anthu a ku Jali ankangoti Adokotala
ngakhale akumane nawo m'dimba, matope mpaka m'maondo.

Kuyambira pamenepo buku silisiyanitsa:

Lachiwiri. Mwana wa a Chikopa, malungo, kwinini.
Mvula sinabwere.
Loweruka. Ndazula dzino la aphunzitsi.
Ndabzala chinangwa kumunsi.
Lamulungu usiku. Njinga yaphulika pa mlatho wa Likangala,
ndafika wapansi, mwana atabadwa kale. Ali bwino.

Ndidadzifufuza ndekha, ndipo ndilimo:
Mtsikana, makilo atatu. Wanga.
Ng'ombe yathyola khola.

Chaka cha kolera masamba ndi akuda bii.
Asodzi a m'zimbowera za pa Chilwa
ankabwera pa ngolo, maso atalowa m'kati,
bambo nkuwagoneka pansi pa mtengo wa mango,
mabotolo a diripi akulendewera m'nthambi.
Diripi itatha, mchere ndi shuga wa m'nyumba mwathu.
Tiyi tinkamwa wosatsekemera mwezi wathunthu.
Kumunda kaufiti adachita maluwa
ngati adachita kubzalidwa,
ndipo pansi pa maina makumi anayi ndi limodzi
adangolemba: Chimanga, matumba awiri.

Kumapeto kuli ngongole.
Wina adalipira tambala, wina lichero la matemba,
wina adabwera kudzapalira mizere isanu.
Ambiri sadabwere.
Amayi ankati, "Kodi tidya zikomo?"
Bambo nkuseka, akunola chikwanje,
"Wodwala ndi munda, Eneresi, sukolola tsiku lobzala."

Tsamba la amayi ndidalidziwa ndisanaliwerenge.
Cholembera chidaboola pepala.
Eneresi. Magazi sanaleke. Galimoto yafika mochedwa.
Sindinathe.
Masiku asanu ndi anayi palibe chilembo,
kenaka: Ndapalira nyemba zake.

Atakalamba manja adayamba kunjenjemera.
Jakisoni adamusiyira wachinyamata wochokera ku Blantyre,
koma anthu ankawalondolabe kumunda,
kuvula malaya pakati pa mizere
kuti makutu akalewo amve chifuwa.

Dzulo kwafika mayi wina wa ku Mayaka,
imvi mbuu, nkhuku m'khwapa.
Akuti mwana amene bambo adamutembenuza m'mimba
tsopano amayendetsa minibasi,
ndipo ngongole siwola.
Tidatsegula buku, mchimwene wanga Alufeyo ndi ine,
chala chikutsika mzere ndi mzere.
Dzina lake tidalipeza.
Lidali lokhwatcha kale, ndi inki yakale yomweyo,
pambali pake: Walipira. Mwana walira.

Nkhuku adaisiyabe.
Ikupalasa pakhonde pamene ankakhala odwala.
Alufeyo akuti munda tigulitse,
ife ndife a m'tauni, khasu lidatiiwala.
Sindinamuyankhe.
Ndatsegula botolo lija, ndathira nandolo m'dzanja.
Zina zafumbwa.
Mitambo yaunjikana pamwamba pa phiri la Zomba,
ndipo m'buku mwatsala masamba asanu ndi awiri oyera.