Ngolo ya Bambo Mervyn

Zaka zitatu inakhala m'galaja ku Broken Hill,
nthiti zachitsulo zokhazokha.
Masipuling'i munakazula ku galimoto yakufa,
ekiselo munachita kupempha.

Usiku munkawotcherera,
nthetche zikudumphira pa ubweya wa galu.
Amayi pakhomo, manja m'chiuno:
“Thanki ya madziyo yapita kumbuyo kwambiri,
idzakuvinitsani pa mabampu.”
Inu ziii.
Kutacha tinapeza mwaisuntha.

Bedi munayeza ndi thupi lanu,
chagada pa simenti, ine ndikuzunguliza choko.
Chokocho sichinafufutike.

Lero ndaikoka ndekha, wa ku Tibooburra.
Fumbi lofiira likulowa pa chitseko chakumanzere,
lafika mpaka m'shuga.
Pali bawuti imodzi simunamange, bambo.
Sipanala ndili nayo.
Ndaisiya dala, izilongolola njira yonse.