Mitu Khumi ndi Iwiri ya Ngongole

Mutu wako ndinkaudziwa kuposa mkazi wako, Venansiyo.
Ndinkadziwa pomwe tsitsi limapota kamvuluvulu paliwombo,
ndi chipsera cha kunkhongo
chomwe ndinakupatsa ndine, ndi mwala wa legeni,
tikulimbirana njiwa kuseri kwa phiri la Domwe.
Makina akafika pamenepo ndinkafewetsa dzanja
ngati kupepesa kungachedwe zaka makumi atatu
n'kufikabe.

Mwezi ukatha unkatsika shapa ya ku Moatize
n'kuyamba kuno, kwanu usanapondeko.
Chikwama pansi, iwe pampando,
uja wa mwendo womanga ndi waya.
"Ndichotse mgodi m'mutumu," unkatero.
Unalimodi mgodiwo:
chipeso chinkatuluka chili bii,
thovu la sopo linkasanduka phulusa,
thawulo langa loyera linaiwala dzina lake chifukwa cha iwe.

Ndevu zako zinali zamakani,
zomera chopingasa pansi pa chibwano,
lezala imodzi sinkazitha.
Ndikapaka sipiriti unkatukwana m'Chipwitikizi,
kenako n'kudziyang'ana pagalasi losweka pakona,
tsaya ili, tsaya ilo,
ngati mnyamata wopita kukafunsira mbeta.
Metikali ayi.
"Lemba, mbale wanga."
Ndinkalemba.

Ukukumbukira Loweruka lija magetsi anathima
mutu uli theka?
Uku mpala, uku nkhalango.
Amayi a kachewere pamsika wa Ulongwe
anasiya ndowa zawo kudzasuzumira pakhomo.
Madzi analibe pampopi,
ndinamaliza ndi lezala pazenera, pouma,
iwe ukukuwa kuti anthu inu bwerani mudzaone,
lero andimeta wopanda madzi masanasana!

Wometa amaona zinthu dokotala asanazione.
Chaka chatha lumo linayamba kupeza mafupa
pomwe kale linkatsetsereka.
Nsalu ya pakhosi ndinayamba kumanga mfundo ziwiri.
Ndinkaimitsa makina kudikira chifuwa chithe,
sichinkatha msanga.
Unati ndi chisanu cha Angonia,
thupi lazolowera ng'anjo ya ku Tete.
Ndinavomera.
Ndinakuuza kuti imvi zikukukhala bwino.

Dzulo kunali kumeta maliro ako.
Anati poti mmisiri alipo pabanja pano
tivutikirenji,
ndinabwera ndi paketi ya malezala ndi beseni,
makina ndinasiya.
Pansi pa mpichesi uja unabzala mokhota
ndinameta amalume ako, ndinameta alamu,
mitu yowerama, yosapempha sitayilo,
yosafunsa galasi.
Mphepo inkakokera tsitsi m'mizere ya nyemba.

Kenako anakhala pansi Tobiyasi, chitsirizira chako.
Nditanyowetsa kamutu kake
kamvuluvulu uja anali pomwepo, paliwombo,
akupotera kumanzere ngati wako.
Ndinaima.
Wina anati lezala yabuntha kodi?
Ndinati eya.

Potsiriza panatsala ine.
Zaka zonsezi ndimadzimeta ndekha ndi magalasi awiri,
sindinaweramirepo munthu.
Mwana wako wamkulu, Gaudensiyo, anatola lezala,
dzanja likunjenjemera ngati la wakuba koyamba,
n'kuyamba cha kumphumi, molakwika,
kutsata tsitsi m'malo molipinga.
Ndinangoti zii.
Atafika kunkhongo ananditema.
Osati kwambiri,
koma magazi anatsika mpaka m'kolala
ndipo mnyamatayo analira kuposa pamanda.
Ndinamuuza kuti pitiriza,
mutu sausiya theka.

M'mawa uno ndatsegula mochedwa.
Magetsi alipo.
Mphunzitsi wina akudikira pabenchi ndi mwana wa zipere,
wailesi ikunena za mtengo wa feteleza.
M'kope la ngongole dzina lako lili patsamba lachitatu,
timizere khumi ndi tiwiri,
tina ta bolopeni, tina ta pensulo.
Ndagwira bolopeni, ndayibwezanso kukhutu.
Pabala paja pakuwawa ndikayang'ana pansi.