Zaka za pa Chitupa

Kalaliki wa boma anandiyang'ana mano
ngati ng'ombe ya pamsika,
nalemba kuti ndinabadwa pa 1 Januwale.
Ambirife amene makolo athu anatsika sitima opanda pepala
tinabadwa tsiku lomwelo.
Zaka zanga n'zobwereka tsono,
sindinazikhulupirirepo.

Koma Lachiwiri lija ku kiliniki ya ku Rugare,
Sisita Marufu atandimanga lamba pamkono,
atandibaya chala, atandikweza sikelo,
anavula magalasi nati:
Bambo Likongwe, chitupa chikuti sikisite-thuu,
koma mitsempha yanu yatsogola,
ikukudikirani pageti la manda ku Warren Hills.
Asilikali a m'thupi mwanu ndi ochepa,
otsalawo akuwodzera pantchito.

Ndinaseka. Kuwodzera pantchito ndimakudziwa.
Ndalondera fakitale ku Southerton zaka makumi awiri ndi zinayi,
tulo tanga n'kumadya m'zidutswa ngati buledi wogawana.
Koma chifuwa cha mu Juni chinali chisanandichoke
pamene jakaranda ankayala maluwa m'misewu,
ndipo bala la pamsongolo, la waya chabe,
linkandiyang'ana ndi diso lofiira mwezi wachitatu.

Ndudu yomaliza ndinaiponya mu Mukuvisi.
M'mawa mwake ndinakagula ina.
Fodya ndamusiya kasanu ndi kawiri,
kachisanu ndi chitatu ndiye anandisiya ndi iye.

Shuga wa mu tiyi ndinamutsitsa ngati mbendera:
masupuni anayi, atatu, awiri.
Pa imodzi ndinaima. Munthu si mwala.

Kuseri kwa nyumba bonongwe ankamera yekha,
chisoso ndinkachipalira n'kuchitaya kudzala,
osadziwa kuti ndikuthamangitsa asing'anga pakhomo.
Lero ndimathyola ndi ulemu.
Mdzukulu wanga Tiyese akuti n'zakudya za amphawi,
koma mbale amaipukuta ndi chala.
Loweruka ku Mbare ndimagula nyemba, mtedza, kapenta,
malambe oti ndizimung'unya podikira madzi kumjigo.

Kombi ndimaisiya idutse,
kondakitala akukuwa kuti mdala, malo alipo!
Malo alipo, inde, koma miyendoyi yakhala kokwanira.
Ndimatsata njanji imene bambo anga ankaimenya nyundo,
mpaka thukuta litsike m'khosi.
Sabata zoyamba mawondo ankalira ngati chitseko cha chimbudzi.

Magetsi akathima madzulo sinditukwananso.
Mdima ndi mankhwala aulere:
ndimagona, thupi n'kumasoka zong'ambika zake.

Chimene Sisita sanalembe pakhadi n'chakuti
chimwalirire Nachisale ndinaleka kuyankha moni.
Chisoni nachonso chimadya ngati anankafumbwe,
kunja chimanga chili bwinobwino, m'kati muli gaga.
Zuze ndi amene anabwera ndi bawo m'khwapa,
nakhala pakhonde osaitanidwa,
nandibera njombwa ine ndikuona,
mpaka ndinamukalipira, kenako ndinaseka,
kuseka kokhala ndi dzimbiri.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri ndinabwerera.
Ndinafunsa: Sisita, ndabweza zingati?
Iwo anati makina athu sawerenga zimenezo.
Koma lamba uja anafinya, namasula mofatsa,
ndipo pamsongolo panatsala chipsera chokha,
chosalala ngati ndalama yakale.

Imvi sizinabwerere, sindinazipemphe.
Dzino lochoka lachoka.
Sindikufuna unyamata, ndinauona, unali ndi ngongole zambiri.
Ndikungofuna kuti chimfine chikagogoda
chipeze mlonda ali maso,
nsapato zomanga, tochi m'manja.

Dzulo ndakwera Kopje osapumira panjira.
Pamwamba ndinaona mzinda wonse ukufuka utsi wake,
mtima ukugunda mwadongosolo ngati sitima yonyamuka.
Akanakhala moyo kalaliki uja
ndikanamufunafuna ofesi ndi ofesi,
ndimuuze kuti fufutani Januwale wanuyo,
lembani Lachinayi, mwezi wa Meyi,
cha m'ma seveni koloko m'mawa,
kunja kukuzizira pang'ono.