Filimu Inaduka

Anakoleka chinsalu pa mabulugamu awiri
kuseri kwa fakitale ya tiyi ku Thyolo,
Loweruka la malipiro.
Jenereta inatsokomola katatu
ndipo anthu otuwa ngati phulusa anayamba kuyenda.

Msilikali. Mkazi wa chipewa chopendama. Sitima ikufuka.
Chizungu chawo cha m'mphuno palibe anachitola,
Kapitawo Mulipa ankangopeka:
“Akuti uzindilembera!”
Atapsompsonana, anyamata anaimba miluzu.
Ine ndinaluma nsonga ya mpango.

Pa Luchenza paja sitinagwirane n'dzanja lomwe,
anthu anali mbwee.
Namakhwa anangoti,
“Usagulitse mbuzi yamawanga ija,”
nakwera ndi anzake a Keyala.
Kalata inabwera imodzi. Kenaka bulangete.

Chiperoni chinatsika mwakachetechete,
nkhope zawo zinayamba kusungunuka m'nkhungu,
basi filimu thapu!
Chinsalu mbee.
Anthu anakuwa, ofuna makobiri awo.

Kalaliki wa sikelo anandinong'oneza:
“Nkhaniyi n'njochokera m'buku, ndinawerenga.
Ndikuuzeni mathero?”

Ayi, bambo.
Msiyeni ali pa siteshoni pomwepo.
Mbuzi ija inaswa kasanu,
sindinagulitseko ngakhale kamwana.