Timizere Tisanu ndi Titatu

Nditaigula galimotoyi inali ndi timizere khumi ndi tiwiri,
tobiriwira ngati mpiru wongomera kumene.
Lero kwatsala tisanu ndi titatu.
Tinayi tinathima osatsanzika:
kena chaka chomwe mwana wanga anasamukira ku Oslo,
kena sindinakaone n'komwe kakupita.

Ndine Torunn, namwino woyenda khomo ndi khomo.
Kuno ku Finnmark dzuwa limatithawa mu Novembala,
n'kudzasuzumiranso Januwale akutha,
ndipo batire, monga maondo angawa, silimvana ndi chisanu.
Mtunda womwe limameza kukafunda
kukazizira limachita kutafuna.

Eilif wa kugalaja, yemwe m'manja mwake mulibenso girizi,
amangolumikiza kachingwe n'kuwerenga manambala.
"Ili silifa tsiku limodzi," amatero,
"limaphwa ngati chitsime.
Usalikhutitse mpaka pakhosi,
usaligoneke ndi njala,
ndipo matchaja aliwiro aja, mwa apo ndi apo."
Ndinaseka. Ndi zomwe ndimawauza odwala anga.

Lachinayi lija mafunde anatseka msewu wa kugombe,
ndinadzera kuphiri.
Oddvar, msodzi wopuma,
amene pansi pa khungu la pachifuwa ali ndi kabatire kake
kokumbutsa mtima kugunda,
ankadikira jakisoni wa madzulo.
Galimoto inati: makilomita khumi ndi asanu ndi anayi.
Chikwangwani chinati: makumi awiri ndi atatu.

Ndinazimitsa chotenthetsera. Ndinazimitsa wailesi.
Mpweya wanga unayamba kuundana pagalasi,
ine kupala ndi khadi la kubanki.
Pachitunda manambala ankayoyoka
ngati mano a chipeso chakale.
Pamwamba, mphalapala zitatu zili mbwanda mumsewu,
zikunyambita mchere,
zopanda kofulumirira.

Kenaka mtsetse.
Apa m'pomwe ndimalikondera batire langa:
potsika limatola zomwe linamwaza pokwera,
ngati mayi wotolera ndalama zogwa m'thumba lobooka.
Awiri anasanduka atatu,
atatu anakhala atatu, nakhalabe atatu.
Ndinalowa pabwalo la Oddvar mawilo akuchita kukwawa,
kachithunzi ka kamba kali psuu patsogolo panga,
zala zanga zili gwa.

Anandiona pawindo, natulutsa chingwe cha magetsi
kudzera pazenera la kukhitchini
jakisoni ndisanamubaye.
"Langali adokotala akuti latsala ndi zaka zitatu.
Nanga lako?"
"Eilif satchula tsiku."
"Ndiye tipikisane."
Tinamwa khofi maola anayi,
iye akusimba za nsomba zomwe zimakula chaka ndi chaka m'nkhani zake,
panja kanyali ka galimoto kakuphethira m'chipale
ngati mwana woyamwa ali m'tulo.

M'mawa uno ndawerenganso. Tikadali tisanu ndi titatu.
Oddvar walipereza kale:
akuti ndikadzalitula lisakatayidwe,
alifuna kukanyumba kake ka maboti,
lizikasunga dzuwa la mu Juni lija losadziwa kulowa.
"Lotopa ndi misewu," akutero,
"nyali imodzi silingailephere."

Ndalemba dzina lake kuseri kwa lisiti la Eilif,
n'kuliika m'kabokosi ka magolovesi.
Yemwe adzayatse nyaliyo sindinamufunse.