Kuwala Pansi pa Rula

Tsiku loyamba ku fakitale ya ku Remscheid
ndinkayembekeza makina aja obangula kuseri kwa galasi.
Mayi Hentschel anandipatsa tupa,
kachitsulo kofanana ndi mtanda wa sopo
ndi ovolosi ya mikono yopitirira zala.
"Pala mpaka pasalale," anatero,
napita kukayankha foni.

Ndinapala masabata asanu.
Kunja chipale chofewa chinagwa, chinasungunuka, chinagwanso.
Matuza anaphulika, khungu linakhuthala.
Tikamaweruka ankanyamula kachitsulo kanga,
kusanjikapo rula, kulozetsa ku zenera,
diso limodzi chitsinzinire.
Kuwala kukangodutsa pansi pake,
ngakhale kowonda ngati tsitsi,
ankandibwezera
osakalipa, osamwetulira.

Lachiwiri ndi Lachinayi tinkakhala m'kalasi
kuwerengera mamilimita pa bolodi.
Koma bolodi silinandiuze poika phazi lamanzere,
kapena kuti chigongono chisatalikire nthiti.
"Kankha ndi thupi," iwo ankatero,
"mkwiyo usiye m'basi."

Buku la malipoti ankasaina Lachisanu.
Sabata ina, nditatopa, ndinalemba:
Ndapala. Ndapala. Ndapalanso.
Pansi pake anayankha ndi cholembera chofiira:
Nanga wamva chiyani?
Lolemba ndinatchera khutu.
Kani tupa imalira mosiyana ikakwera pa kachulu,
imanong'ona ikafika posalala.

Tsiku lomwe Derya anathyola chobowolera chodula,
bwana anatsika mu ofesi tayi ili paphewa,
akuwerenga maoda ochedwa pa zala.
Mayi Hentschel anaima pakati,
msinkhu wawo wongolekeza pachifuwa cha bwanayo.
"Lembani pa dzina langa.
Amene sanathyolepo kanthu muno
ndi amene sanagwirepo kanthu."
Atachoka bwana, Derya anasesa tizidutswa tonse,
nafotokoza katatu chomwe chinalakwika,
kachitatuko misozi itauma.

M'chaka chachitatu ndinaona khofi wawo
akutayikira m'sosala.
Dzanja lamanja linayamba kunjenjemera lokha.
Anasiya kunena kuti "Taona."
Anayamba kunena kuti "Tandionetsa,"
manja atabisa m'matumba.
Palibe mwa ife anafunsa.

Pa tsiku la mayeso sanaloledwe kulowa.
Ndinawaona pa zenera, poimika magalimoto,
akudya apulo mumvula
ngati munthu amene akungodutsa.

Atapuma pantchito anandisiyira kiyi wa kabati
ya pakona, imene sinkatsegulidwa.
Munali tizitsulo todzaza mashelefu atatu,
kalikonse ndi dzina ndi chaka chake:
ena ali ku Hamburg tsopano, ena ndi mabwana,
mmodzi tinamuika m'manda chaka chatha.
Kanga kanali pamwamba, kakunyezimirabe.
Pansi penipeni, kadzimbiri m'mbali,
kolembedwa ndi nsonga ya msomali: I.H. 1981.

Ndinayang'ana uku ndi uku.
Ndinasanjikapo rula, ndinalozetsa ku zenera.

Kuwala kunakhuthuka pansi pake
ngati madzi pa chitseko chosatseka bwino.

Ndinaseka ndekha m'chipinda chopanda anthu,
kenako kukhosi kunandithina.
Ndinakabwezera pamalo pake, dzina cham'mwamba.

Lolemba kukubwera mnyamata wina, Kacper,
wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.
Amayi ake aimba kale kawiri
kufunsa ngati abwere ndi nsapato zake.
Tupa ndagula yatsopano.
Ovolosi ndapeza yaikulu yokha.
Zenera ndapukuta.